Nyumba Njanu, Koma Mlendo Ngwa Mudzi Wonse

 Lero ndifuna tikambirane za ntchito ina imene yafala m'maiko ambiri pa zaka zapitazi, ndipo yafika kale ndi kwathu kuno. Ntchito yake ndi yobwereketsa nyumba kwa alendo apaulendo, amene amagonamo usiku umodzi, mausiku atatu kapena mlungu umodzi, nalipira ndalama, n'kumapita. Sindikunena za hotela kapena resitihausi ayi. Ndikunena za nyumba wamba, yokhala pakati pa nyumba za anthu ena, imene mwini wake waiika pa intaneti kuti aliyense wofuna pogona aipeze.

Akuluakulu anati mlendo ndi mame. Ndi mau ameneŵa ankatilangiza kuti tisatope naye mlendo, pakuti masiku ake ngoŵerengeka. Koma taganizirani nyumba imene mlendo wina akatuluka m'maŵa, wina aloŵa madzulo, chaka chonse chathunthu. Pamenepo mame aja asanduka mvumbi, ndipo wonyowa si mwini nyumba yekha. N'chifukwa chake maboma ambiri akhazikitsa malamulo akuti munthu asanayambe ntchito yotere ayenera kutenga laisensi. Eni nyumba amafunsa funso lomveka ndithu: nyumbayi ndinamanga ndi thukuta langa, nanga ndikapempherenji chilolezo kuti ndilandiremo alendo? Funso limeneli ndilo tifuna kuliyankha lero.

Kuti nkhaniyi imveke bwino, tiyeni tipite ku Edinburgh, likulu la dziko la Scotland. Dziko limeneli si lachilendo m'makutu mwathu. Mzinda wathu wa Blantyre unatenga dzina kuchokera ku mudzi wa ku Scotland kumene anabadwira David Livingstone, ndipo ku Edinburgh n'kumene Dr Hastings Kamuzu Banda anatsiriza maphunziro ake a udokotala m'chaka cha 1941. M'chaka cha 2005 maboma a Malaŵi ndi Scotland anasainirana pangano la ubale mumzinda womwewo. Koma chifukwa chenicheni chimene ndasankhira Edinburgh n'chakuti kumeneko nkhani ya malaisensi a nyumba za alendo inafika mpaka kubwalo lalikulu la milandu, motero mbali zonse ziŵiri zinamveka poyera.

Tisanafike kumeneko, tione kaye mmene ntchitoyi inakulira. M'chaka cha 2007 anyamata aŵiri a mumzinda wa San Francisco ku America, Brian Chesky ndi Joe Gebbia, anali kuvutika kulipira lendi. Mumzindamo munali msonkhano waukulu ndipo mahotela anadzaza. Iwo anayala matiresi atatu opopera mpweya m'nyumba mwawo nalandira alendo atatu olipira. Chaka chotsatira, pamodzi ndi mnzawo Nathan Blecharczyk, anayambitsa kampani imene lero idziŵika ndi dzina loti Airbnb. Maganizo oyamba anali akuti munthu agaŵireko mlendo chipinda chimene chikungokhala. Koma anthu ataona kuti mukutuluka ndalama, ena anayamba kugula nyumba zathunthu, osati kuti azikhalamo, koma kuti azingolandiriramo alendo. Kugaŵa chipinda ndi chinthu china, ndipo kuchotsa nyumba yathunthu m'manja mwa anthu ofuna pokhala ndi chinthu chinanso. Kusiyana kumeneku ndiko phata la malamulo onse amene tikambe.

Mzinda wa Edinburgh uli ndi anthu oposa pang'ono theka la miliyoni. Kuyambira m'chaka cha 1947 mzindawu wakhala ukuchititsa m'mwezi wa Ogasiti zikondwerero za zisudzo, nyimbo ndi magule, zimene zimakoka alendo ochokera ku mbali zonse za dziko lapansi. Pakati pa mzinda anthu ambiri amakhala m'nyumba zakale zamiyala, zosanjikizana katatu kapena kanayi, zimene kumeneko amazitcha tenement. M'nyumba imodzi yotere mumakhala kaŵirikaŵiri mabanja asanu ndi atatu kapena kuposerapo, onse oloŵera khomo limodzi la kumseu ndi kukwera makwerero amodzi. Pamene banja lina lapondapo ndi denga la banja linzake.

Eni nyumba anazindikira kuti alendo a masiku oŵerengeka, makamaka m'nyengo ya zikondwerero, amalipira koposa banja lochita lendi pamwezi. Tsono nyumba zinayamba kusanduka malo ogona alendo imodziimodzi. Pa zitseko ndi pa mipanda panayamba kuoneka timabokosi tachitsulo tosungira makiyi, kuti mlendo akafika pakati pa usiku adzitsegulire yekha popanda womulandira. Okhala m'nyumbazo anayamba kudandaula za phokoso la masutikesi pa makwerero m'bandakucha, za zinyalala zotayidwa chisawawa, ndi za anthu osadziŵika oloŵa ndi kutuluka pa khomo limene ana awo amadzerapo. Munthu wokalamba amene kale anali ndi mnansi womugogodera akadwala, tsopano anazingidwa ndi nkhope zosintha mlungu uliwonse. Mzinda unafuna alendo ndi ndalama zawo, koma paja walira mvula walira matope.

Madandaulo atachuluka, Nyumba ya Malamulo ya Scotland inavomereza mu Januwale 2022 lamulo la malaisensi a nyumba zobwereketsa masiku oŵerengeka. Makhonsolo onse 32 a dzikolo anayamba kulandira mapempho pa 1 Okutobala 2022. Kuyambira tsiku limenelo munthu woyamba kumene ntchitoyi saloledwa kulandira mlendo, ngakhale kumulonjeza malo, asanapatsidwe laisensi. Amene anali kale pa ntchitoyi anapatsidwa nthaŵi mpaka pa 1 Okutobala 2023 kuti apereke mapempho awo. Kulandira alendo popanda laisensi kunasanduka mlandu, ndipo chindapusa chake chinaikidwa kuti chikhoza kufika mapaundi 2,500. Laisensi imaperekedwa pa nyumba iliyonse payokha, kotero kuti munthu wokhala ndi nyumba zisanu m'malo osiyanasiyana ayenera kupempha kasanu.

Lamuloli silinayese anthu onse ofanana, koma linagaŵa malaisensi m'mitundu inayi. Woyamba ndi wa munthu amene amalandira mlendo m'nyumba imene iye mwini akukhalamo pa nthaŵi yomweyo. Wachiŵiri ndi wa amene amabwereketsa nyumba yake yokhalamo iye akachokapo, monga akapita kutchuthi kapena kuntchito kutali. Wachitatu ndi wa amene amachita zonse ziŵirizi. Wachinayi ndi wa nyumba imene mwini wake sakhalamo konse, imene ntchito yake ndi kulandira alendo basi. Mtundu wachinayiwu ndiwo umene makhonsolo amauyang'anitsitsa. Tikaŵerenga malamuloŵa mofatsa, tiona kuti akufunsa mafunso atatu, ndipo ndikupemphani kuti muwasunge mumtima, popeza ndi omwewo amene adzatithandiza tikabwerera kwathu.

Funso loyamba ndi ili: kodi mlendo atulukamo wamoyo m'nyumbamo? Mwini nyumba amadziŵa kuti soketi ya kukhitchini imagwira munthu, ndi kuti chitseko cha kuseri chimatseguka pokhapokha uchinyamule pang'ono. Mlendo sadziŵa zimenezi. Wafika usiku, watopa, mwina samva ngakhale chinenero cha dzikolo, ndipo moto ukabuka sadziŵa kothaŵira. Motero lamulo lifuna kuti m'nyumba mukhale zipangizo zolira zikamva utsi, ndiponso zina zolira zikamva mpweya woipa wotchedwa carbon monoxide. Mpweya umenewu ulibe fungo kapena mtundu, ndipo umatuluka pamene gasi, malasha kapena makala sakupsa bwino m'malo otsekeka. Ndi womwe uja umene umapha anthu kwathu kuno m'miyezi yozizira ya Juni ndi Julayi, banja likagona ndi mbaula m'chipinda chotseka mazenera. Zipangizo za gasi ziyenera kuyesedwa ndi mmisiri wovomerezeka chaka chilichonse, ndipo mawaya a magetsi a nyumba yonse ayenera kuunikidwa kamodzi pa zaka zisanu zilizonse. Ngakhale ketulo, nsimbi ndi zina zotere zimene mlendo adzagwiritsa ntchito ziyenera kuyesedwa.

Pali chinanso chimene ambiri sachiganizira, ndicho madzi. M'chaka cha 1976 anthu amene anasonkhana pa hotela ina ku Philadelphia, ku America, anadwala chibayo choopsa ndipo ena anamwalira. Ofufuza anapeza kachirombo kamene lero katchedwa Legionella. Kachiromboka kamaswana m'madzi ofunda okhalitsa m'mathanki ndi m'mapaipi, ndipo kamaloŵa m'mapapo munthu akapuma timadontho ta madziwo, monga posamba pa shawa. Nyumba ya alendo ikhoza kukhala milungu ingapo yopanda munthu, madzi ali chikhalire m'mapaipi, chotero mwini wake alamulidwa kuunika ngoziyi. Alamulidwanso kukhala ndi inshuwalansi ya nyumba, ndi ina yolipirira munthu amene wavulala pamalopo. Khonsolo imalemba pa laisensi chiŵerengero cha alendo amene angagone m'nyumbamo, ndipo kupyola pamenepo ndi kuswa lamulo. Mapepala a laisensi ndi a amisiri ayenera kuikidwa pamene mlendo angawaone, pamodzi ndi malangizo a mmene angaitanire thandizo pa ngozi. Nambala ya laisensi iyenera kulembedwa paliponse pamene nyumbayo ikutsatsidwa.

Funso lachiŵiri ndi ili: kodi mnansi agona tulo? Munthu akapereka pempho la laisensi ayenera kupachika chidziŵitso pafupi ndi nyumbayo, pamalo pamene odutsa angaŵerenge, kwa masiku 21. Aliyense amene ali ndi chifukwa chotsutsira apatsidwa masiku 28 oti alembere khonsolo. Khonsolo imafunsanso apolisi ndi ozimitsa moto, ndipo imaunika ngati wopemphayo ali munthu woyenera kusungitsidwa alendo. Laisensi yoyamba siipyola zaka zitatu, ndipo ikhoza kuimitsidwa kapena kulandidwa madandaulo akatsimikizika. Phindu lalikulu kwa mnansi ndi lakuti tsopano ali ndi kodandaulira. Kale mwini nyumba ankatha kukhala mumzinda wina kapena m'dziko lina, ndipo mlendo wosokosa usiku anali atapita kale podzafika m'maŵa. Lero khonsolo iliyonse imasunga kaundula wa malaisensi amene aliyense angamuone, ndipo mwini nyumba adziŵa kuti khalidwe la alendo ake likhoza kumutayitsa ntchito yake.

Funso lachitatu ndilo lovuta koposa onse: kodi mzinda utsala ndi nyumba zokwanira ana ake? Funso limeneli siliyankhidwa ndi laisensi, koma ndi lamulo lina, la mapulani a mzinda, limene limanena kuti malo akuti ndi okhala anthu ndipo malo akuti ndi a malonda. Pa 5 Seputembala 2022 mzinda wonse wa Edinburgh unasanduka dera loyamba ku Scotland loyang'aniridwa mwapadera pa nkhaniyi. Tanthauzo lake ndi lakuti munthu wofuna kusandutsa nyumba yathunthu, imene iye sakhalamo, kuti ikhale yogona alendo, ayenera kupempha chilolezo chosintha ntchito ya nyumbayo, monga mmene achitira wofuna kusandutsa nyumba kukhala sitolo. Choncho makomo ogogoda ndi aŵiri. Khomo la laisensi limayang'ana mkati mwa nyumba ndi khalidwe la mwini wake, pamene khomo la mapulani limayang'ana mseu wonse ndi mzinda wonse. Mu Malichi 2024 dera la kumapiri la Badenoch ndi Strathspey, kumene alendo amakonda kupitako, linatsatira njira yomweyi.

Kuti timvetse chifukwa chake makhonsolo anaumirira chotere, tidziŵe kuti mu Novembala 2023 khonsolo ya Edinburgh inalengeza poyera kuti kusoŵa kwa nyumba kwafika poipa, mabanja pafupifupi 5,000 ali m'malo ongoyembekezera. Mu Meyi 2024 boma la Scotland linalengeza chimodzimodzi za dziko lonse. Tisaname kuti nyumba za alendo ndizo zokha zinabweretsa vutoli. Nyumba zatsopano zimamangidwa zochepa, ophunzira a m'mayunivesite ndi ambiri, ndipo mitengo ya zinthu inakwera. Koma pamene nyumba zili zosoŵa kale, iliyonse imene yachotsedwapo imaoneka. Namwino wa pachipatala, woyendetsa basi, ngakhale wantchito amene amachapa zofunda za alendowo, onseŵa afunika pogona pafupi ndi ntchito yawo.

Tsono timvenso mbali ya eni nyumba, pakuti mlandu suweruzidwa pomva mbali imodzi. Bungwe lawo, lotchedwa Association of Scotland's Self-Caterers, linatsutsa kolimba mmene lamuloli linakonzedwera. Iwo anati ambiri mwa iwo si anthu olemera okhala ndi nyumba makumimakumi, koma alimi ndi opuma pantchito amene amadalira kanyumba kamodzi kuti aonjezere pa zimene amapeza. Anati ndalama za laisensi, za amisiri ndi za mapulani zikaphatikizidwa ndi mtolo wolemera, ndi kuti vuto la pakati pa Edinburgh lasenzetsedwa anthu a kumidzi ndi kuzilumba, kumene mahotela ndi ochepa ndipo alendo ndiwo amadyetsa masitolo ndi malo odyera. Ena mwa iwo anasiyadi ntchitoyi.

Eni nyumba anayi anasonkhanitsa ndalama kwa anzawo, pafupifupi mapaundi 300,000, nakasumira khonsolo ya Edinburgh ku Court of Session, limene ndi bwalo lalikulu la ku Scotland loweruza milandu yosakhudza upandu. Khonsolo inali italemba m'ndondomeko yake kuti nyumba ya mtundu wachinayi uja, ikakhala mu tenement, idzakanizidwa laisensi pokhapokha mwini wake atasonyeza chifukwa chapadera. Inalamulanso kuti nyumba zonse za mtunduwo ziyalidwe makapeti kapena zina zotere pochepetsa phokoso, ngakhale zimene zilibe wokhala pansi pake. Mu Juni 2023 woweruza Lord Braid anagamula kuti mbali zimenezi zinali zosemphana ndi lamulo. Iye anapeza kuti kukaniza nyumba chifukwa cha mtundu wake kapena dera limene ilimo si ntchito ya opereka malaisensi, koma ya a mapulani. Mu Disembala chaka chomwecho, pa mlandu wina, woweruza yemweyo anagamulanso kuti lamulo la pa 5 Seputembala 2022 silingabwerere m'mbuyo n'kumanga nyumba zimene zinasintha ntchito tsikulo lisanafike, ngakhale kuti zina mwa izo zikhoza kufunikabe chilolezo malinga ndi malamulo akale.

Apa pali phunziro limene sitiyenera kuliphonya. Lamulo limamanga wolamulidwa ndi wolamula yemwe. Khonsolo inali ndi cholinga chabwino, choteteza anansi ndi kusunga nyumba, komabe inauzidwa kuti chida chilichonse chigwire ntchito yake. Panabukanso vuto lina limene opanga malamulo anayenera kuliganizira. Ochita zisudzo ndi oimba obwera ku zikondwerero za mu Ogasiti anadandaula kuti pogona pasoŵa ndipo mitengo yakwera. Lamulo limalola khonsolo kupereka chilolezo cha kanthaŵi, chosapyola milungu isanu ndi umodzi pa chaka, ndipo Edinburgh imachigwiritsa ntchito pa nyengo zotere. Mu Januwale 2025 khonsolo inagwirizananso kuti kuyambira pa 24 Julayi 2026 mlendo wogona pa malo olipira azionjeza 5 peresenti pa mtengo wa pogona, kwa mausiku asanu oyambirira, kuti ndalamazo zithandize ntchito za mzinda, kuphatikizapo za nyumba.

Mizinda ina yayankha funso lachitatu lija m'njira zake. Ku London, lamulo la m'chaka cha 2015 limalola munthu kubwereketsa nyumba yake kwa mausiku osapyola 90 pa chaka, ndipo wofuna kupitirira apo ayenera kupempha chilolezo cha mapulani. Dziko la Japan linatsata njira yoŵerenga mausiku yomweyi mu Juni 2018, koma malire ake ndi mausiku 180. Ku New York, kuyambira pa 5 Seputembala 2023, wobwereketsa nyumba kwa masiku osakwana 30 ayenera kulembetsa ku ofesi ya mzinda, ayenera kukhala m'nyumbamo pamodzi ndi alendo ake, ndipo alendowo asapyole aŵiri. Makampani a pa intaneti aletsedwa kulandira malipiro a nyumba yosalembetsedwa. Ku Barcelona, m'dziko la Spain, meya Jaume Collboni analengeza mu Juni 2024 kuti malaisensi pafupifupi 10,000 a nyumba za alendo adzatha pofika Novembala 2028 ndipo sadzaperekedwanso. Njira ndi zosiyana, koma ambiri agwirizana pa chinthu chimodzi, chakuti wogaŵa chipinda m'nyumba mwake amamuchitira chifundo, pamene wosandutsa nyumba yathunthu kukhala hotela yopanda chikwangwani amamuyang'anitsitsa.

Tsopano tibwerere kwathu. Ku Lilongwe ndi ku Blantyre, ku Mangochi, ku Salima ndi ku Nkhata Bay, aliponso anthu amene aika nyumba zawo pa intaneti, ndipo ena mwa inu mukuganiza zoyamba. Si chinthu choipa ayi. Ndi njira yoyenera yopezera ndalama, ndipo imalemba ntchito alonda, ophika ndi osesa. Koma musaganize kuti popeza malonda ake achitikira pa foni ndiye kuti malamulo sakukuonani. M'dziko muno malo ogoneka alendo olipira amayenera kukhala ndi laisensi yochokera ku nthambi ya boma yoona zokopa alendo. Khonsolo ya mzinda, tauni kapena boma lanu ndiyo imaona za malaisensi a malo ochitira malonda, ndiponso za mapulani, malinga ndi lamulo la Physical Planning Act la m'chaka cha 2016. Ndalama zimene mupeza zimakhudza msonkho, umene amatolera ndi a Malawi Revenue Authority. Ŵerenganinso pepala la lizi ya malo anu, pakuti malo ambiri a m'tauni anaperekedwa kuti pamangidwe nyumba yokhalamo. Ngati nyumbayo mukuchita lendi, musailoŵetse alendo olipira eni ake asanavomere.

Ngakhale woyendera wa boma asanafike pakhomo panu, dzifunseni nokha funso loyamba lija. Nyumba zathu zambiri za m'tauni zili ndi zitsulo zotchinga akuba m'mazenera monse, ndi chitseko chachitsulo chokhomedwa ndi loko usiku. Zimenezi zimatsekera wakuba kunja, koma moto ukabuka zimatsekera mlendo mkati. Kodi mlendo wanu adziŵa pamene pakhala kiyi, ndipo akhoza kumupeza mumdima magetsi atazima? Kodi botolo la gasi ndi paipi yake zinaonedwa liti ndi mmisiri? Kodi mawaya a giza ndi a jenereta analumikiza ndi munthu wodziŵa ntchito yake? Kodi muli ndi chozimira moto, masikito osang'ambika, ndi nambala ya chipatala chapafupi yolembedwa pakhoma? Zinthu zimenezi sizidya ndalama zambiri poyerekeza ndi mlandu wa munthu amene wafera m'nyumba mwanu.

Mafunso aŵiri otsalawo si achilendo kwa ife. Mwambo wathu ndi wakuti mlendo akagona m'mudzi, mwini nyumba amadziŵitsa amfumu, kuti chikaoneka chachilendo anthu adziŵe poyambira, ndi kuti mlendoyo akadwala kapena kumwalira mudzi wonse uthandize. Chidziŵitso chimene a ku Scotland amapachika kwa masiku 21 chimagwira ntchito yomweyo m'njira ya mapepala. Choncho musanayambe, kalankhuleni ndi anansi anu, muwapatse nambala yanu ya foni, ndipo mugwirizane za phokoso, za magalimoto ndi za zinyalala. Kunyanja funso lachitatu limabwera m'maonekedwe ena. Ku Cape Maclear, mudzi wa Chembe uli pamodzi ndi malo otetezedwa a Lake Malawi National Park, amene bungwe la UNESCO linawaika m'kaundula wa chuma cha dziko lonse lapansi m'chaka cha 1984. M'malo otere chosoŵa si nyumba zosanjikizana, koma gombe. Mpanda uliwonse womangidwa mpaka kumadzi umachepetsa poyanika maukonde ndi usipa, pokocheza mabwato, ndi potungira madzi amayi.

Kwa inu makhansala, mafumu ndi ogwira ntchito m'makhonsolo amene mukumvera, nkhani ya Edinburgh ikulankhulanso kwa inu. Malamulo akhale olembedwa momveka, ndipo munthu akabwera kudzafunsa auzidwe tsiku lomwelo mapepala ofunika, ndalama zake ndi nthaŵi yodikira. Mayi wamasiye wobwereketsa chipinda chimodzi kuti alipire fizi ya mwana asalipiritsidwe mofanana ndi munthu wa nyumba khumi. Laisensi ikakhala yodula kwambiri kapena yochedwa kutuluka, anthu amachita ntchitoyi mobisa, ndipo pamenepo mlendo, mnansi ndi boma onse ataya. Eni nyumba nawonso afunsidwe maganizo malamulo asanakhazikitsidwe, kuti nkhani zisamakathere kubwalo la milandu.

Pomaliza, tiyankhe funso limene tinayamba nalo. Nyumba njanudi, ndipo palibe amene akukulandani. Koma tsiku limene mwalandira ndalama kwa munthu wosamudziŵa kuti agone pansi pa denga lanu, mwasenza moyo wake, mwakhudza mtendere wa mnansi wanu, ndipo mwasintha pang'ono maonekedwe a mudzi kapena mzinda wanu. Laisensi ndi njira imene anthu onseŵa amafunsira mafunso awo mavuto asanagwe. Musanagule bedi ndi makatani, musanajambule zithunzi zoika pa intaneti, pitani ku ofesi ya khonsolo ndi ku ofesi yoona zokopa alendo, mukafunse, ndipo zimene akuuzani mupemphe kuti akulembereni papepala. Paja safunsa anadya phula.